Garratt ya 4-6-4+4-6-4 idayenda pa njanji za ayani? Ku Limbe idafikako?

Chikondi_Limbe:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndapeza mafayilo a 3D a injini ya malasha ya Garratt, ija ya mawilo 4-6-4+4-6-4, ndipo mnzanga wina ali ndi printa wavomera kundisindikizira. Tebulo langa la timasitima ndi siteshoni ya Limbe cha m'ma 1960. Ndisanawononge rezini ndi penti, ndi makampani ati a njanji amene anali ndi injini imeneyi? Ndingalembe Nyasaland Railways pa thanki osachita manyazi?

Yohane wa ku Joni:
Tebulo ndi lako aise, lemba chimene ukufuna kkkk. Ndani abwere ndi tochi kudzaona?

Mbewe Bulawayo:
Abwera ndine, a Yohane. Mwana wanga Chikondi, yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Nyasaland Railways sidakhalepo ndi injini ya mawilo otere, ngakhale Malawi Railways imene idabwera pambuyo pake. Koma wasankha mtundu wosavuta kuulondola, chifukwa pa dziko lonse magulu a 4-6-4+4-6-4 (mawilo aang'ono 4, okoka 6, aang'ono 4, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi) adangopangidwa awiri okha.

Loyamba ndi la Sudan Railways, injini 10 zochokera kwa Beyer, Peacock ku Manchester mu 1936 ndi 1937. Lachiwiri ndi 15th class ya Rhodesia Railways (RR). Zinayi zoyamba zidafika mu 1940, nkhondo itatha adaonjezera zina, kenaka zidabwera za 15A zimene boyila yake inkasunga mphamvu ya nthunzi yokwererapo, 200 psi pomwe zoyamba zija zidali pa 180. Zonse pamodzi 74. Khumi mwa izo sadazipange ku Manchester, adapereka ntchitoyo kwa Franco-Belge ku France mu 1952 chifukwa Beyer, Peacock idali itadzazidwa ndi maoda. Ukaphatikiza ndi za Sudan zikukwana 84, basi.

Chikondi_Limbe:
Zikomo madala. Ndiye kuti makampani ndi awiri okha, Sudan ndi Rhodesia?

Mbewe Bulawayo:
Ogula zatsopano ndi awiriwo. Oyendetsa ndi ambiri, chifukwa injini zimagulitsidwa ndipo makampani amasintha mayina. Za ku Sudan zija Rhodesia Railways idazigula zonse 10 mu 1949 n'kuzitcha 17th class. Mu 1964 idazigulitsanso kwa Apwitikizi a CFM, kampani ya njanji ya ku Mozambique, zikayenda pa njanji ya Beira. Ndiye injini imodzi yomweyo ungaipente katatu: ya Sudan, ya RR, ya CFM, ndipo konseko sunaname.

Zambiri za 15th class zidakhala za RR mpaka dzina lidasintha kukhala National Railways of Zimbabwe (NRZ) mu 1980. Mgodi wa malasha wa Wankie, Hwange ya lero, udagulako zingapo zokokera malasha kuchoka ku mgodi kukasiya ku Thomson Junction. Palinso ina, nambala 398, imene okonda sitima adaitengera ku New Zealand.

Tembo Kabwe:
Ba Mbewe musatiiwale ife a kumpoto kwa Zambezi. Mpaka 1967 njanji yonse kuchokera pa mlatho wa Victoria Falls, Livingstone, Kafue, Lusaka, kuno ku Kabwe mpaka ku Ndola inali Rhodesia Railways imodzi yomweyo. Zambia Railways inayamba chaka chimenecho atagawana katundu. Ndiye munthu amene akumanga Livingstone ya 1960 aike RR, osati ZR, angakhale mtima ukuwawa bwanji.

Koma kunena zoona injini ya kuno kwathu ndi 20th class, 4-8-2+2-8-4. Zinapangidwa 61 pakati pa 1954 ndi 1958 ndipo pogawana zambiri zinatsala kuno. Ndizo zinkakoka malasha a Wankie kupita ku migodi, pobwerera n'kutenga kopa. Zinali ndi makina othira malasha pamoto, chifukwa fayamani ndi fosholo yake sakanakwanitsa kudyetsa chimoto chimenecho.

NaBanda Leeds:
Moni nonse. A Chikondi, musanapite patali onetsetsani kuti fayilo yanuyo ndi ya iti mwa ziwirizi, chifukwa anthu oika mafayilo pa intaneti amangolemba kuti Garratt basi. Yang'anani thanki yakutsogolo. Ya 15th class ndi yoweramira kutsogolo, yozungulira bwino, pomwe ya za ku Sudan ndi ya makona. Kenako werengani mawilo akuluakulu a pansi pa thanki imodzi, mbali imodzi. Akakhala atatu muli pa 4-6-4. Akakhala anayi mwatenga 20th class ya a Tembo kapena GMAM ya ku South Africa.

Chikondi_Limbe:
Ndaona achemwali. Atatu, ndipo mphuno yake ndi yozungulira. Ndi 15th class.

Yohane wa ku Joni:
Ine funso langa likadali pomwepo. Njanji ya Malawi ndi ya Rhodesia kukula kwake n'kumodzi, mamilimita 1067, chimodzimodzi ndi kuno. Chikanailetsa n'chiyani kufika ku Limbe tsiku lina? Mwina inabwerako kamodzi anthu osajambula.

Mbewe Bulawayo:
Taonani mapu a nthawi imeneyo, a Yohane. Panalibe njanji yochoka ku Salisbury (Harare ya lero) kulunjika ku Blantyre. Sitima inkatsika ku Umtali (Mutare ya lero) kulowa Mozambique, kutsetsereka mpaka ku Dondo, makilomita pafupifupi 30 usanafike ku Beira. Pa Dondo ndi pomwe inkayambira Trans-Zambezia Railway, yotsegulidwa mu 1922, kupita kumpoto mpaka ku Zambezi. Mlatho wa Dona Ana udatha mu 1935, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo usanamangidwe anthu ndi katundu ankaoloka pa sitima ya pamadzi. Ukaoloka ndiye Port Herald (Nsanje ya lero), Chiromo, kukwera phiri mpaka Limbe.

Kuyambira 1949 chigawo cha Umtali mpaka Beira chidali m'manja mwa Apwitikizi. Ndiye injini ya RR kuti ifike ku Limbe idayenera kudutsa pa njanji za eni ena awiri, aliyense ali ndi injini zake, madalaivala ake ndi mashedi ake. Mabogi ndiwo ankadutsa malire. Mitu ya sitima inkabwerera kwawo.

Bambo anga adachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito ku njanji kuno, monga anthu ambiri a kwathu adachitira. Popita ku tchuthi pa sitima ankanena kuti injini ankazisintha m'njira, ndipo ya kwathu ankaizindikira ndi kulira kwa wezulo yake usiku asanaione n'komwe.

Mphunzitsi Zomba:
Ndilowererepo pang'ono. A Chikondi, ngati mtima uli pa Limbe, injini yoyenera tebulo lanu ndi G class, ya mawilo 2-8-2, yokoka tenda yake (bogi ya malasha ndi madzi) kumbuyo. Nyasaland Railways ndi Trans-Zambezia onse adali nazo, ndipo zinkagwira ntchito ngati za kampani imodzi. Mapangidwe ake adachokera ku River class ya ku Nigeria, ndipo ku East Africa 29 class ndi m'bale wake yemweyo pa njanji ya mita imodzi. Nayonso nkhani yake ndi yofanana ndi imene mwafunsa: chojambula chimodzi, mayiko angapo.

Pakona pa siteshoni mutha kuimikapo Thistle, kainjini kakang'ono ka Bagnall ka nthawi ya Shire Highlands Railway, njanji imene idafika ku Blantyre mu 1908. Kanzake Shamrock kali ku myuziyamu ya ku Chichiri. Mukhoza kukwera minibasi n'kukayeza ndi tepi nokha.

Chikondi_Limbe:
Aphunzitsi G class ndi yabwino koma ndi injini wamba. Ine chimene chinandikoka ndi kupindika kwa Garratt pakona, boyila ili pakati, matanki uku ndi uku.

Mphunzitsi Zomba:
Ndiye simunatayike kwenikweni. Trans-Zambezia idagula ma Garratt ang'onoang'ono a 2-6-2+2-6-2 kwa Beyer, Peacock mu 1924. Garratt pa njanji yopita kwathu si bodza. Bodza ndi mawilo a 4-6-4+4-6-4 ndi mphuno yozungulira ija.

Yohane wa ku Joni:
Anthu inu mukuvuta. Kuno ku kalabu ina ndinaona mzungu wina atapenta Garratt utoto wa Union Pacific ndipo aliyense ankangojambula ndi foni.

NaBanda Leeds:
Ankajambula chifukwa n'chachilendo achimwene kkkk. Ku North America makampani a njanji sadagule Garratt ngakhale imodzi. Iwo adatsata njira ya Mallet, boyila yaitali pamwamba pa injini ziwiri, tenda kumbuyo, mpaka kufika pa Big Boy ya 4-8-8-4. Zimenezo zidapangidwa 25 zokha ndipo zonse zidali za Union Pacific. Njanji zawo zinali zolemera, milatho yolimba, malo ambiri, choncho vuto limene Garratt idabwera kudzathetsa iwo analibe.

Herbert Garratt adalembetsa nzeru yake mu 1907, ndipo yoyamba, K1, idapita ku Tasmania mu 1909. Mfundo yake ndi yakuti pansi pa boyila pasakhale mawilo. Boyila imapachikidwa pa felemu pakati pa injini ziwiri, ndiye itha kukhala yaifupi, yonenepa, ndi malo amoto akuya. Kulemera kumagawikana pa mawilo ambiri, njanji yopepuka imapirira, ndipo pamakona akuthwa imadutsa. Kutsogolo ndi kumbuyo imathamanga chimodzimodzi, osafuna potembenuzira. Kuipa kwake n'kwakuti madzi ndi malasha zikamatha, kulemera kwa pa mawilo okoka kumachepa ndipo imayamba kuterera.

Yohane wa ku Joni:
Eya, n'chifukwa chake GMAM ya kuno imakoka bogi ya madzi kumbuyo kwake. Zinalipo 120, zopangidwa ndi Henschel, Beyer, Peacock ndi North British. Anthu ambiri opanga timasitima amaiwala bogi imeneyo, injini n'kumaoneka yamaliseche.

NaBanda Leeds:
Mwaona, nanunso muli ndi tochi yanu.

Tembo Kabwe:
Kkkkk ba Yohane agwidwa.

Yohane wa ku Joni:
Zosiyana zimenezo! Bogi ya madzi ndi chiwalo cha injini. Dzina la pa thanki ndi penti chabe.

Mbewe Bulawayo:
Penti imanena chaka ndi malo, a Yohane. Ndipereke chitsanzo pa 15th class yomweyi. Masiku onse idali yakuda. Koma mu 1947, pa ulendo wa mfumu George VI, zimene zidakoka sitima ya mfumu adazipenta buluu. Ukapenta buluu wanena kuti tebulo lako ndi 1947, ndiye galimoto za pa msewu ndi zovala za anthu zitsate.

Ukaika dzina la Chindebele wanena kuti ndi nthawi ya NRZ. Cha mu 1978 mafuta a dizilo adavuta, ndalama zakunja kunalibe, pomwe malasha a Wankie adali mbwee. Adaganiza zokonzanso ma Garratt ambiri kuno ku Bulawayo mmalo mowadula, ntchito imene idapitirira mpaka koyambirira kwa m'ma 1980. Adaika ma roller bearing, ndipo injini zidapatsidwa mayina. 398 ija ndi Isidumuka. Ndiye dzina limenelo pa tebulo la 1960 silingakhale, ngakhale injini ndi yomweyo.

Njira zake zodziwika ndi Bulawayo kupita ku Wankie ndi Victoria Falls, Bulawayo kupita ku Salisbury, ndiponso kudutsa Bechuanaland (Botswana ya lero) mpaka ku Mafeking. Njanji ya ku Botswana idayendetsedwa kuchokera kuno mpaka 1987 pomwe Botswana Railways idayamba. Amene akufuna tebulo losavuta amange Botswana: mchenga, mitengo ya minga, thanki ya madzi pa nsanja, njanji yowongoka, watha.

Chikondi_Limbe:
Koma madala ine sindinafikeko ku Botswana. Ndikufuna pakhale chinachake cha kwathu pa tebulopo.

Mphunzitsi Zomba:
Mangani Dondo.

Chikondi_Limbe:
Dondo?

Mphunzitsi Zomba:
Werenganinso zimene alemba a Mbewe. Kuyambira 1964 za ku Sudan zija zili kwa CFM pa njanji ya Beira. Sitima zochokera ku Limbe zikutsika ndi Trans-Zambezia kudzalumikiza njanji yomweyo pa Dondo. Ndiye pa siteshoni imeneyo, cha mu 1965 kapena 1968, 4-6-4+4-6-4 ndi G class zitha kuima moyandikana popanda wina kukuimbani mlandu. Mabogi a Malawi Railways odzaza tiyi wa ku Thyolo ndi fodya, mabogi a RR, zikwangwani za Chipwitikizi, migwalangwa ndi minda ya mpunga kumbuyo. Musapitirire 1970 kwambiri ngati mukufuna kuti katundu yense wa Malawi azidutsa pamenepo, chifukwa chaka chimenecho njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi idatsegula njira ya ku Nacala.

Mbewe Bulawayo:
Aphunzitsi mwalasa. Kungoti fayilo yake ndi ya 15th class. Afunika kusintha thanki yakutsogolo kuti ikhale ya 17th.

NaBanda Leeds:
Thanki ya makona ndi yosavuta kuposa yozungulira. Ngakhale osakhudza fayilo, atha kudula mapepala a pulasitiki a milimita imodzi n'kumata. Mawilo okoka ndi ofanana pa magulu onse awiri, mafiti 4 ndi mainchesi 9, ndiye zapansi sizisintha kwambiri.

Koma nkhani imene palibe waifunsa ndi sikelo. A Chikondi njanji zanu ndi ziti?

Chikondi_Limbe:
HO wamba, ya sikelo ya 1:87, njanji za 16.5 mm. Ndinagula zakale pamodzi ndi thiransifoma.

NaBanda Leeds:
Ndiye pali njira zitatu. Mukasindikiza pa 1:87 n'kuyendetsa pa 16.5 mm, njanji ikhala yotakata kuposa muyeso, chifukwa 1067 kugawa ndi 87 ndi 12.3 mm. Ambiri ku South Africa amachita zomwezo, ndipo kampani ya Lima inkagulitsa timasitima ta South African Railways (SAR) motero. Zimayenda bwino, kungoti ukaiyang'ana kutsogolo injini imaoneka yotangadza miyendo. Njira yachiwiri ndi kugula njanji za HOm za 12 mm, zolondola koma zodula, ndipo zanu zakalezo mwataya.

Yachitatu ndi imene ine ndingasankhe: sindikizani pa 1:64. 1067 kugawa ndi 64 ndi 16.7 mm, pafupifupi ndendende njanji zimene muli nazo. Ku New Zealand ndi ku Australia amapanga motero, amati Sn3½. Ubwino wa printa ndi womwewo, sikelo mumasintha pa kompyuta. Injiniyi ndi yaitali pafupifupi mamita 28, ndiye pa 1:64 ikhala masentimita 44, pa 1:87 ikhala 32.

Yohane wa ku Joni:
44 cm pa tebulo la m'chipinda chogona? Akagona kuti mwanayu?

Chikondi_Limbe:
Tebulo lili pa khonde lotseka achimwene, malo alipo. Chimene chikundiopsa ndi mota ndi mawilo. Zimenezo printa singapange.

NaBanda Leeds:
Musapange, gulani zakale ziwiri zofanana n'kuchotsa matupi. Pa 1:64 wilo lokoka likufunika 22.6 mm. Injini ya sikelo ya OO (1:76) ya British Railways, Standard 4MT, ya 2-6-4T, mawilo ake enieni ndi mafiti 5 mainchesi 8, pa sikelo yake akukwana 22.7 mm. Hudson ya New York Central ya HO ili pa 23 mm ndipo ili kale 4-6-4. Mipata ya pakati pa mawilo singafanane ndendende, koma diso silidandaula.

Kumbukirani kuti ziwirizo zimafulatirana. Masilinda amakhala kunsonga, kutsogolo kwenikweni ndi kumbuyo kwenikweni. Koma mawaya a mota musatembenuze, chifukwa pa thiransifoma wamba ya DC injini zofulatirana zimapita mbali imodzi zokha; mukatembenuza a imodzi zizikokana kapena kukankhana pamalo amodzi. Ndipo muziyese kaye payokhapayokha pa njanji imodzi, ina kutsogolo ina kumbuyo. Ngati ina ikuthawa inzake, zikamangidwa pamodzi yofulumirayo izitentha.

Pa mapivoti, ine pa Garratt yanga yaing'ono ya NGG16, ya sikelo ya OO9, ndidaika kabawuti ka M2 ndi kawashala, mbali imodzi yothina bwino, mbali inayo bowo lotalikirapo pang'ono kuti felemu ya boyila izipuma njanji ikakwera kapena kutsika. Mukathinitsa zonse ziwiri, wilo limodzi limanyamuka pa polumikizira njanji ndipo injini imagwa. Mawaya odutsa pa pivoti akhale ofewa, a m'mahedifoni akutha aja amachita bwino. Mtovu wolemeretsa uikeni m'matanki, pamwamba pa mawilo okoka. Mu boyila musaikemo wambiri.

Tembo Kabwe:
Malasha a mu bankala musagule a m'sitolo. Sinjani khala limodzi la pa mbaula, sefani ndi sefa ya tiyi, thirani guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi ndi kadontho ka sopo. Likauma palibe angasiyanitse.

Mbewe Bulawayo:
NGG16 yanuyo, mayi, ndi ija ya ku Wales?

NaBanda Leeds:
Eya bambo, nambala 143, Garratt yomaliza kupangidwa ndi Beyer, Peacock mu 1958. Idagwira ntchito ku South Africa pa njanji ya mafiti awiri, pano ili pa Welsh Highland Railway, kumene kudafikiranso K1. Nayo ili ndi vuto lomweli la penti: yakuda ya SAR kapena mitundu ya ku Wales, malinga ndi chaka chimene wasankha. Kuno zogula zopangidwa kale ndi zochepa. Kampani ya Heljan idapanga ya njanji ya LMS ya kuno, ya 2-6-0+0-6-2, ija zidalipo 33 zokoka malasha kuchoka ku Toton kupita ku London, ndipo ku Australia kuli AD60 ya New South Wales. Ya Rhodesia ndiye kudzipangira.

Yohane wa ku Joni:
Ndiye mwamuchotsa ku Limbe, mwamusinthira sikelo, mwamudulira mphuno ya injini. Chikondi ukanangomvera ine bwenzi pano ukupenta.

Chikondi_Limbe:
Kkkk ayi achimwene, Dondo yandigwira mtima. Nyumba ya siteshoni ya Limbe ndinali ndisanayambe, ndangomanga njanji ndi pulatifomu, ndiye palibe chogumula. Koma pa 1:64 ndiye kuti mabogi anga a HO achepa eti?

NaBanda Leeds:
Achepa. Mawilo ndi zokolekera musunge, matupi musindikize atsopano. Anthu ndi galimoto sizivuta, tigalimoto tambiri ta ana timene amagulitsa m'misika tili pafupi ndi 1:64, mungosankha ta maonekedwe akale.

Chikondi_Limbe:
Nanga G class fayilo ndiipeza kuti?

Mphunzitsi Zomba:
Sakani ya River class ya ku Nigeria kapena 29 class ya East African Railways, muyambire pamenepo. Ya East Africa inkayendera mafuta, ndiye tenda yake muisinthe ikhale ya malasha. Koma malizani Garratt kaye, injini ziwiri nthawi imodzi mudzasiya zonse pakati.

Mbewe Bulawayo:
Loweruka ndidutsa ku myuziyamu ya njanji kuno. Ndikakujambulira mapivoti, mapaipi a nthunzi a pansi pa felemu ndi m'kati mwa kabu pa ma Garratt amene alipo, zimenezo pa zithunzi za pa intaneti sizioneka. Iwe yeza kona yothina kwambiri pa tebulo lako utiuze, chifukwa ikachepera masentimita 60 felemu ya boyila idzagunda pulatifomu ya m'kati mwa kona.

Chikondi_Limbe:
Ndayeza pompano madala, ndi 55.

NaBanda Leeds:
Sunthani pulatifomu ichoke pakonapo, ipite pa njanji yowongoka. Ndipo musanamate chilichonse dulani katoni ya 44 cm ndi 4.5 cm, muidule patatu, mulumikize ndi mapini awiri, muiyendetse ndi dzanja kuzungulira tebulo lonse muone pomwe ikukhudza.